Shuga wa a Ismail pa mkono wa Steward

A Ismail Sailesi ankakonza mawailesi pa Boma la Nkhotakota, ndipo ine Percy ndinasoka zovala pa khonde limodzi ndi iwo zaka zoposa makumi awiri, makina anga mbali ino, tebulo lawo mbali inayo. Choncho ndikamati ndinkawadziwa, si za m'maluwa ayi. Ndinkadziwa katsokomoledwe kawo, nthabwala zawo zimene ankazibwereza mpaka kusukuluka, ndi utsi wa mtovu wawo umene unkalowerera m'nsalu za makasitomala anga. Anali munthu wabwino mtima, komanso anali nkhutukumve yotheratu. Ndinena zonse ziwiri, chifukwa munthu akatisiya timakonda kumudzoza mafuta okhaokha ngati sanalakwepo.

Anabadwira m'mudzi wa asodzi kumunsi kwa Linga, koma nyanja inawakana. Akangokwera bwato m'mimba munkatembenuka, ndipo abale awo ankati kupita nawo ku usodzi kunali kudzisenzetsa wodwala. Bambo awo atatopa nawo anawatumiza ku Dwangwa kwa msuweni wina amene ankakonza mawailesi a anthu odula nzimbe, ndipo kumeneko ndi kumene manja awo anapeza ntchito yake. Atabwerera ku Boma anakwatira a Sumaiya, mayi wogulitsa mpunga mumsika, Mulungu n'kuwapatsa mwana mmodzi yekha, Nasra. Mawailesi atayamba kuchepa anasamukira ku matochi a sola ndi mafoni, uku akung'ung'udza kuti zinthu za masiku ano amazipangira kufa, osati kukonzedwa.

Nasra anakulira pansi pa tebulo lija akutola timisomali togwa. Asanamalize pulayimale ankagwira kale chitsulo chowotcherera mawaya, ndipo makasitomala ena ankachita kunong'ona kuti wailesi yawo aigwire mwanayo, bambo ake asamve. Sukulu inamukonda. Anapita ku Blantyre kukaphunzira uinjiniya wa makina a m'chipatala, ndipo atamaliza anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku South Africa, zonse zolipiridwa.

Sanatheko ngakhale chaka. Mayi ake anapezeka ndi khansa, ndipo tsiku lina a Ismail, atasowa pogwira, anaimba foni n'kunena mawu awiri okha: "Amako akukufuna." Nasra anakwera basi sabata yomweyo. Anadwazika mayi ake mpaka kuwatseka maso, ndipo pamene ankati abwerere, malo ake anali atapatsidwa wina.

Mwanayo sanadandaulepo pamaso pa bambo ake. Analowa ntchito pa chipatala china cha mishoni n'kumakonza makina a mpweya ndi ofunditsa ana obadwa masiku osakwana, ndipo digiri yachiwiri ija anaimaliza movutikira konkuno, akuphunzira Loweruka ndi Lamlungu. Koma a Ismail nkhaniyi inawadya. Nthawi zina ntchito ili mkati ankangoimika chala chawo cha mkombaphala n'kundiuza kuti, "A Percy, chala ichi ndi chimene chinadina foni ija." Ine ndinkawauza kuti mayi wodwala ayenera kuona mwana wake, palibe chimene analakwa. Zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Patapita zaka zochepa a Ismail nawonso anayamba kuonda, kumwa madzi ngati ng'ombe, kupitapita kuseri kukataya madzi. Ku chipatala anati ndi shuga. Mapilitsi atalephera anayamba kudzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, mankhwalawo n'kumawasunga mu mtsuko wa mchenga wonyowa kuopa kutentha kwa kuno.

Mwayi wachiwiri unabwera Nasra atapitirira kale zaka makumi atatu. Yunivesite ina ya ku Scotland inalengeza kuti ikufuna anthu okachita kafukufuku wa digiri ya udokotala, ija amati PhD, pa tizipangizo toyeza za m'thupi la munthu. Nasra anatifotokozera pakhonde pomwepo atakhala pa mpando wa makasitomala anga.

"Ndi kanthu kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo," anatero. "Mumakamata kuseri kwa mkono. Kali ndi kaminga kowonda ngati tsitsi kamene kamalowa pansi pa khungu, ndiye kamalawa shuga usana ndi usiku n'kumauza foni."

Anati toteroto tilipo kale kunja, koma n'todula, ndipo kutentha ndi thukuta zimatisokoneza. Iye ankafuna kupanga kotsika mtengo, koti mlimi wa mpunga wa ku Nkhunga akhale nako m'dzuwa la Okutobala kosamatuka komanso kosanama. Ine ndinamufunsa ngati akadzabwera ndi udokotala wakewo azidzatibaya jakisoni. Anaseka n'kuti ayi, adzakhala dokotala wa makina. A Ismail sanaseke nawo, ankangomuyang'ana mwana wawo mawaya ali m'manja.

Anamusankha, koma iye anayamba kukokera m'mbuyo. Awasiye bwanji bambo ake odwala okhaokha m'nyumba? Tsiku limenelo a Ismail anakalipa mpaka anyamata a kabaza a kutsidya kwa msewu anasiya bawo n'kumatiyang'ana. Anati akapanda kupita, iwo atseka tebulo n'kubwerera kumudzi kukafera m'bwato. Pamapeto pake Nasra anavomera, koma anaika mfundo ziwiri.

Yoyamba inali Steward Zangaphee. Uyu anali wa kabaza, wochokera ku Nkhunga, Mkhristu wa mpingo wa Anglican, munthu wa zaka za m'ma fote amene banja lake linali litatha. Ndi iye amene ankanyamula a Ismail pa njinga m'mawa uliwonse ndi kuwabweza madzulo, ndipo awiriwo ankagwirizana ngati pachibale. Nasra anamupempha kuti asamukire m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo kuti aziwayang'anira. Anamuphunzitsa zizindikiro za shuga akatsika, ndi mosungunulira shuga m'kapu ya madzi munthu akayamba kunjenjemera.

Yachiwiri inali kachipangizo kaja. Anagula topangidwa kale ta kunja tija, n'kumata kamodzi pa mkono wa bambo ake, n'kukalumikiza ku foni imene anawasiyira. Foniyo inkatumiza zonse ku foni yake, kulikonse kumene ali. Kamodzi kankatha pa masabata awiri, ndiye ena ankawatumizira kudzera mwa anthu obwera kumudzi.

"Ababa, ndipita," anatero pa siteji ya minibasi. "Koma ndikaona pa foni kuti zinthu zikuipa, ndisiya zonse ndibwera. Mukundidziwa."

Ankamudziwadi, ndipo mantha awo onse anali pamenepo.

Zaka zoyambirira tinkaseka nazo. Kachipangizoko a Ismail anakatcha kazitape. Akangoluma mandasi awiri mobisa, pasanathe ola foni yalira: "Ababa, mwadya chiyani?" Iwo n'kuyankha kuti palibe, mayi, tiyi chabe. "Tiyi sakweza mzere choncho." Pa foni pankaoneka mzere wokwera ndi kutsika, ndipo shuga akatsika kwambiri, foni ya Nasra inkalira yokha ngakhale ali m'kalasi. A Ismail ankandiyang'ana n'kupukusa mutu, amvekere, "Ndaphunzitsa mwana kuti azindiwerengera mandasi ali kutsidya la nyanja." Koma ankanyadira. Kasitomala aliyense ankamupindira malaya kumuonetsa kazitape wawo, ngakhale amene wangobwera kudzagula batire.

M'chaka chomaliza cha maphunziro a Nasra kuseka kunatha. Mapazi a a Ismail anayamba kutupa, maso kuchita chifunga, ndipo adokotala anati impso zayamba kufooka. Mzere uja unasokonekera, m'mawa kumwamba, masana pansi. Nasra ankaimba kangapo pa tsiku, mawu ake otopa ngati munthu wosagona. Tsiku lina ndinamva ndi makutu anga, foni ili pa tebulo pakati pa mawaya.

"Ababa, ndalankhula ndi aprofesa anga. Ndipempha kuti ndiimitse kaye. Ndibwera mwezi wamawa."

"Watsala ndi miyezi ingati?"

"Itatu, koma zimenezo zisiyeni."

"Ukaimitsa, amene akukulipirira adikira?"

Nasra anazemba funsolo, ndipo tonse tinadziwa kuti olipirawo sadikira. A Ismail anamupempha kuti awapatse masabata awiri okha, poti adokotala awasinthira mankhwala. Akaona kuti sizikusintha, abwere. Atadula foni anakhala nthawi yaitali osagwira kanthu, wailesi ya munthu ili chitsegulire patsogolo pawo.

Zimene zinachitika kunyumba sabata imeneyo ine sindinazidziwe mpaka tsiku la maliro. Ndikuzinena monga anandifotokozera Steward. Tsiku losintha kachipangizo litafika, a Ismail anamuitana m'chipinda, n'kumatula kakale, n'kutsegula katsopano, koma malaya awo sanapinde.

"Steward, bweretsa mkono."

"Mkono wanga, akulu?"

"Wako. Makina ndawatsegula moyo wanga wonse, palibe ndi amodzi omwe amene anandifunsapo dzina. Aka kakufuna mkono basi."

Steward akuti anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. "Akulu, mwanayu anakusiyani m'manja mwanga. Ndimunamize ineyo? Nanga shuga akatsika tidziwa bwanji?"

"Kale tinkadziwa bwanji? Ndikanjenjemera undipatsa madzi a shuga. Miyezi itatu yokha, kenako udzavule."

"Ayi, akulu, izi zokha ndakana."

Akuti a Ismail sanakalipe. Anakhala pa bedi n'kulankhula motsitsa. "Ndinamuitana kamodzi, ndipo ukudziwa chimene anataya. Pakamwa panga sipamuitananso. Koma thupi langali likumuitana tsiku ndi tsiku ine ndisakufuna. Ndithandize kulitseka pakamwa."

Steward anakana masiku awiri, lachitatu anapereka mkono. Ena amati anali wopusa, ena amati anali wamantha. Ine ndimati anali munthu amene mkulu womukonda anamulirira pamaso, ndipo amene sizinamuonekere asafulumire kuweruza.

Kuyambira pamenepo mzere wa pa foni ya Nasra unawongoka. Ukanalekeranji, poti unali wa munthu wopalasa njinga tsiku lonse amene sanadwalepo ngakhale mutu? Foni inkakhala pa tebulo la a Ismail, ndipo Steward akatsitsa kasitomala ankabwera kudzaima pafupi kuti kachipangizo kapereke zimene kasunga. Pamene mzere unkadukiza, mlandu unkagwera netiweki ya kuno, imene ilibe woiikira kumbuyo. Ine ndinkangodabwa kuti munthu wa kabaza wayamba bwanji kuvala malaya a manja aatali m'chithukuta cha Febuluwale. Ndinkamuseka kuti wapeza chibwenzi cha ku ofesi, iye n'kumangoyang'ana pansi.

Nasra anasangalala. Anati mankhwala atsopanowo agwira, za kuimitsa sukulu anazisiya, n'kuyamba kulemba usana ndi usiku. A Ismail ankabwera pakhonde mapazi atatupa osalowa m'nsapato, koma nkhope ili gwa, ngati munthu amene wapambana mlandu.

Kenako unafika mwezi wa Ramazani. Zaka zonse zimene kazitape anali pa mkono pawo, a Ismail sankafunga, kapena kuti kusala kudya. Nasra anawaletsa, adokotala anawaletsa, ndipo ngakhale ashehe a pa mzikiti wawo anawauza kuti wodwala Mulungu anamumasula, angodyetsa osauka m'malo mwake. Ankamvera chifukwa analibe pothawira, koma zinkawapweteka. Munthu amene anayamba kufunga ali mwana ankadzitsekera m'kachipinda ka kuseri kwa shopu masana n'kumadya ngati wakuba, anzake onse ali ndi njala. Ankatuluka m'menemo osayang'ana munthu kumaso.

Chaka chimenechi panalibe wowaona, ndiye anafunga. Steward anawagwadira, osamva. Mlongo wawo, a Rahila, anabwera kuchokera kumudzi kudzawakalipira, osamva. Ine ndinawauza kuti a Ismail, zimenezi ndi kudzipha, iwo amvekere, "Sokani zanu, atelala. Ndani wakuuzani kuti ndidzaiona Ramazani ina?" Ndipo apa ndi pamene bodza lija linatipweteka tonse. Aliyense wa ife amene sitinkadziwa ankalankhula kamodzi n'kusiya, mumtima akuti mwana wawo aona pa foni, awakhazika pansi ndi iyeyo. Tinali titazolowera kuti mlonda alipo.

Mlondayo ankaona zina. Tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu mzere unkakwera pang'ono, chifukwa Steward ankadya chinangwa chake chokazinga pa siteji. Madzulo ena, nthawi yofuturu, yomasula kusala, isanakwane, Nasra anaimba ali wokondwa.

"Ababa, ndikuona mukudya masana. Zikomo, mwandimvera osakangana nane chaka chino. Allah akudziwa kuti mukudwala, musadzimvere chisoni."

"Eya, mayi, ndikudya," anayankha a Ismail, milomo itauma mpaka kung'ambika.

"Mayeso anga a pakamwa awaika Lachinayi la sabata ya mawa. Ndikaima pamaso pa maprofesa kuteteza ntchito yonse. Mundichitire dua, mundipempherere."

"Ndikuchitira tsiku lililonse."

Steward akuti foni itadulidwa, mkuluyo anaphimba nkhope n'kulira. Anati wanama ali pa swaumu, akusala kudya, ndiye njala yonseyi mwina ikupita pachabe pamaso pa Mulungu. Steward anati ndiye siyani zonse ziwiri, akulu, kufungako ndi bodzali. Iwo anapukuta misozi n'kumufunsa ngati adhana ya magharibi, kuitana kwa pa mzikiti dzuwa likalowa, yamveka.

Anagwa Lamlungu masana, pa tebulo lawo. Tsiku limenelo ine ndinali nditachokera ku tchalitchi n'kudzera pa shopu kudzamaliza yunifolomu ya mwana wa munthu. Ndinangomva chitsulo chowotcherera chikugwa pansi, kutembenuka, mutu wawo uli pa wailesi, thukuta lili kamukamu. Steward anali atapita ndi kasitomala kutali. Tinayesa kuwathira madzi a shuga m'kamwa koma sankameza. Tinaimitsa galimoto ya munthu wodutsa n'kuthamangira nawo ku chipatala.

Anamwino ndi adokotala anayesetsa, ndisaname. Chakumadzulo anatsitsimuka pang'ono n'kuzindikira a Rahila ndi Steward amene anali pambali pa bedi. Sanafunse kuti ali kuti. Anagwira dzanja la mlongo wawo n'kunena kuti, "Nasra musamuuze mpaka Lachinayi." Kenako anayang'ana Steward. "Iwe usavule." A Rahila sanamve tanthauzo la mawu achiwiriwo. M'mawa wa Lolemba a Ismail anatisiya.

Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Pamene dzuwa linkakwera thupi linali litafika kale kunyumba, amuna akulisambitsa, ena atapita kukakumba. Sanda, nsalu yokulungira thupi, ndinathandiza kudula ndine, ndi lumo langa lomwe. Tili mkati mokonza, achibale anakhala pansi kuseri kwa nyumba kuti akambirane za mwana. Wina anafunsa kuti kodi Nasra sanaone pa foni kuti bambo ake agwa dzulo? Bwanji sanaimbe? Apo ndi pamene Steward anaimirira n'kupinda dzanja la malaya ake.

Sindidzaiwala kulira kwa a Rahila. Anamugwira Steward pa kolala n'kumamugwedeza, akuti wapha mlongo wanga iwe, wapha mlongo wanga. Iye sanadziteteze, anangoima manja ali lende. Atawakhazika pansi, funso linatsala lomwe lija: auzidwe kapena ayi?

Ine ndinati auzidwe. Si mwana wa Sitandade eyiti uyu, ndi mayi wamkulu, ndipo bambo ndi wake. Ashehe nawonso anati imfa sibisidwa, mwana ayenera kudziwa kuti apempherere kholo lake tsiku lomwelo. Koma a Rahila, misozi ili mbwembwembwe, anati ngakhale atakwera ndege lero sawapeza, apeza dothi. "Munthuyu wafera chinthu chimodzi," anatero. "Tikamuuza lero, mayesowo sakalowa, ndikumudziwa. Ndiye mlongo wanga wafera chiyani?" Kuno si zachilendo kubisira mwana maliro akakhala pa mayeso, ambiri a ife tinazionapo. Mawu a womwalira analemera kuposa athu. Achinyamata onse anauzidwa kuti wina asayerekeze kuika chithunzi kapena uthenga pa foni, ndipo mwayi wake Nasra anali atanena kale kuti sabata imeneyo sayang'ana za pa intaneti.

Tinanyamula jeneza, chithatha cha maliro, itatha swala, pemphero la masana. Steward anasenza nawo kuchokera ku mzikiti mpaka kumanda, osalola kulandiridwa, ndipo pokwirira anagwira fosholo mpaka ena anachita kumulanda. Munthuyu anali asanaike kanthu m'kamwa chichokereni Lamlungu m'mawa. Pa maliropo panalibe moto wophikira, poti anthu onse anali pa swaumu ndipo chakudya chinkadikira dzuwa kulowa.

Titabwerako ndinamupeza atakhala yekha pa njerwa kuseri kwa bafa, dothi la kumanda lili m'mapazi. Ndinakhala pambali pake. Mwadzidzidzi foni ya a Ismail, imene inali m'thumba lake, inayamba kulira kulira kuja kwa shuga akatsika. Tisanaganize chochita, inalowa foni ya Nasra. Steward anandiyang'ana ngati mwana. Anaiyankha, ndipo mawu ankamveka mpaka pamene ndinakhala.

"Ankolo Steward! Muli pafupi ndi ababa? Shuga watsika kwambiri, sanatsikepo chonchi miyezi yonseyi. Apatseni madzi a shuga msanga!"

"Chabwino, mayi."

"Musadule, ndidikira. Thamangani!"

Steward anaika foni pa njerwa n'kulowa m'khitchini, kudutsa amayi amene anakhala pa mkeka akulira chamumtima. Anatuluka ndi kapu ya a Ismail, supuni ikugunda m'mbali. Anakhalanso pansi, n'kumwa madzi a shugawo, misozi ikugwera m'kapu momwemo. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa sindikanatha kupirira.

"Amwa?"

"Amwa, mayi."

Tinadikira. Kutsidyako kunkamveka kupuma kwake ndi mapepala akutembenuzidwa. Patapita kanthawi anapumira m'mwamba.

"Wayamba kukwera. Alhamdulillah. Mwandithandiza, ankolo, Mulungu akudalitseni. Ndikanatani popanda inu? Apatseni foni ndiwakalipire pang'ono."

Steward anatseka maso. "Akana, mayi. Akuti muwerenge, mudzalankhulana Lachinayi mukatuluka."

Nasra anaseka. "Ouma mutu amenewo. Auzeni adye chenicheni, asangomwa madzi. Ndipo muwauze kuti ndikawamenyera nkhondo."

Masiku otsatirawo Steward anadya ngati wodwala womvera malangizo, m'mawa, masana ndi madzulo, pa nthawi yake. A Rahila, amene anamugwira pa kolala aja, ndi amene ankamuphikira masana iwo ali pa swaumu, n'kumuikira mbale patsogolo osamuyang'ana. Sanapite ku kabaza. Ankangokhala pafupi ndi foni kuti mzere usaduke.

Mpaka lero ndikaganiza za a Ismail mtima umandiwawa pawiri. Ndimawakwiyira, chifukwa chinthu chimene mwana wawo anawasiyira kuti chiwasunge anachichotsa ndi manja awo, n'kumusenzetsa mnzawo katundu amene sadzamutula. Komanso ndimawamvetsa. Anali bambo amene anaona kuti chokhacho chimene wangotsala nacho chopatsa mwana wake ndi kusamuitana.

Lachinayi tinasonkhana pa khonde la nyumba yawo kuyambira m'mawa, ine, a Rahila, ashehe ndi Steward, foni ili pa mpando pakati pathu. Inalira dzuwa litapendeka. Steward anaiyankha, ndipo kutsidyako kunali phokoso la anthu oseka ndi kuwomba m'manja.

"Ankolo! Ndapambana! Akuti ndikonze pang'ono chabe, koma zatheka. Apatseni ababa, apatseni msanga, ndikufuna ndiwauze ndekha!"

Steward anaimirira. Anapereka foni kwa a Rahila ndi manja awiri. Ndinawamva akuyamba kuti, "Nasra, mwana wanga, ndine azakhali ako. Khala kaye pansi."

Steward anatsika pakhonde n'kupita kuseri kwa nyumba. Anapinda dzanja la malaya, n'kulowetsa chikhadabo pansi pa kachipangizo kaja, n'kukamatula. Mzere wa pa foni ya Nasra unathera pamenepo.